Nkhope Imene Sitinaiike Maso

Ntchito yanga ndi yojambula nkhope za anthu akufa. Ndimajambulira m'kachipinda kapamwamba, m'tauni ina yozizira ya ku Mangalande, koma miyala imene nkhopezo zimakakhalapo ili kwathu ku Bindura, kumpoto kwa Harare, kuseri kwa nyumba ya ambuya anga, amayi a mayi anga, m'chisakasa cha malata chimene amalume amagwiriramo ntchito. Anamfedwa akafuna chiliza chokhala ndi nkhope amabweretsa chithunzi kwa ambuya, amalume n'kunditumizira pa foni. Ine ndimaijambula nkhopeyo bwinobwino, moyera pamalo pakuda, n'kuibweza. Akaisindikiza m'tauni, amalume amaitsata pa mwala wakuda wa ku Mutoko.

Mwalawo ndi wosalala ngati galasi. Ukaugogoda ndi kachitsulo kosongoka, pamene wagogodapo pamayera. Nkhope yonse imatuluka ndi timadontho toteroto, ndipo dontho likalakwika silifufutika. Kachitsuloko amalume ankakagwira ndi dzanja lamanzere, kanyundo ndi lamanja. Lamanja aliyense ali nalo. Lamanzerelo ndilo linkadziwa pamene tsaya likuthera ndi pamene mthunzi wa mphuno ukuyambira, ndipo ku Bindura konse kunalibe lina longa ilo. Dzanja limenelo ndilo linkatidyetsa tonse atatu.

Ine ndinakula ndi ambuya. Bambo anafera pansi mu mgodi ndisanadziwe kanthu, mayi anawatsatira ndi chifuwa. Ambuya ankaphika masese mu komboni, ndipo ine ndinkakhala kuseri kwa mgolo wa mowa, osalankhula, kumangoyang'ana amuna akumwa. Ndinkadziwa amene ayambitse ndewu iye mwini asanadziwe, chifukwa mlomo wapamwamba umayamba kuuma. Ambuya sankasangalala nako kuyang'ana kwanga.

"Kamwana aka kamandiyang'anira makasitomala ngati kakufuna kuwagula," ankatero. "Choka apo, kapale mapoto."

Nditapita kunja kukagwira ntchito yosamalira okalamba, ndinapitiriza kujambula. Tinagwirizana ndi amalume kuti maso aziwagogoda pomalizira, ine ndikuona. Tsiku la maso ankaika foni pa alumali, pakati pa chitini cha polishi ndi wailesi, kamera italoza pa mwala. Ine ndinkangoti, "Pang'ono kumanzere," kapena, "Basi, pamenepo." Nthawi zambiri sindinkanena kanthu. Amalume ankati kugwira ntchito ndi ine kuli ngati kugwira ntchito pamaso pa mphaka.

Chaka chimene anyamata a zikwanje anavuta m'maenje a golide, kunabwera mayi wina wa ku mapulazi a njira ya ku Shamva. Mwana wake anali mmodzi mwa makorokoza, anyamata okumba golide paokha m'maenje akale. Gulu lina linamupeza atatuluka ndi thumba la miyala, ndipo linamutema mpaka kufa pakamwa pa dzenje. Aliyense ankadziwa amene anachita zimenezo. Palibe amene ananena.

Mayiyo anatumiza zithunzi ziwiri. Choyamba chinali cha pa chitupa, chotuwa, mnyamata wa makutu otambalala akuyesetsa kusamwetulira. Chachiwiri ndinachitsegula ndili m'basi, ndipo ndinavundikira foni pa ntchafu. Anali mnyamata yemweyo atagona pa dothi lofiira. Chikwanje chinalowa pamwamba pa khutu n'kutsika mpaka pachibwano, china chinadula zala za dzanja limene anadzitchinjiriza nalo. Diso limodzi kunalibe. Kenako kunabwera mawu a mayiyo, Chichewa cha ku Tete chosakaniza ndi Chishona.

"Mwananga, chachiwiricho ndakutumizira dala, kuti udziwe amene ukumujambula. Umubwezere nkhope yake. Koma maso usawapatutse ngati mmene mumachitira ndi ena. Ayang'ane kutsogolo, ayang'ane munthu. Manda ake ali m'mbali mwa njira yopita kumaenje. Chiliza ndidzachilozetsa kunjirako."

Ndinamva chimene ankafuna. Kwathu wopha munthu saopa khoti monga amaopera mzimu wa amene anamupha, umene Ashona amautcha ngozi. Mayiyo ankafuna kuti anyamata aja, m'mawa uliwonse popita kukakumba, azidutsa pamaso pa mwana wake. Ndinavomera. Ndinajambula nkhopeyo, ndipo maso ake ndinawasamala kuposa onse amene ndinajambulapo. Kulikonse kumene unaima, ankakupeza.

Nkhani inatuluka, mwina kosindikiza kuja, mwina kwa mayi yemweyo, amene sankabisa. Amalume atamaliza tsitsi ndi makutu, m'mawa wina anapeza galu wa ambuya atatemedwa pamsana, atamuponya pakhomo pa chisakasa. Anali asanafe. Amalume anamumaliza ndi khasu.

Tinakambirana atatu pa foni. Ambuya anayandikitsa nkhope kwambiri moti ndinkangoona mphuno ndi mpango.

"Lembani dzina ndi mtanda basi," anatero. "Mwana wa eni wafa kale. Mukufuna kuwonjezera maliro?"

"Mayi uja tinamulonjeza," anatero amalume ali kumbuyo.

"Wamulonjeza ndiwe? Walonjeza ndi uyu ali kwa Azunguyu, amene chikwanje sichingamufike."

Amalume ndi munthu wamakani chibadwire. Anagwira mu mgodi mpaka unawataya, n'kudziphunzitsa okha kusema miyala, ndipo sankalola kuti anyamata amene anawaona akuyenda opanda kabudula awauze chosema. Ine ndinati apitirize mphuno ndi pakamwa, za maso tidzaona. Ndinkaganiza kuti zizizira.

Tsiku la maso linali Loweruka m'mawa. Kuno kunali mvula yawaza, kwathu dzuwa linkalowa m'mabowo a malata n'kugwera pa mwala. Nkhope inali itagona pa benchi, yathunthu, kupatula mabwalo awiri akuda pamene panayenera kukhala maso. Amalume anapukuta mwalawo ndi kansalu, n'kuika kachitsulo pakona ya diso lamanja.

"Uli pomwepo, mdzukulu?" Amalume amanditchula choncho, monga amachitira Ashona.

"Ndilipo."

Chitseko cha malata chinakankhidwa. Analowa amuna atatu, nsapato zofiira ndi dothi la kumaenje, awiri atagwira zikwanje. Wakutsogolo ndinamudziwa nthawi yomweyo. Tinakulira komboni imodzi, agogo ake anachokera ku Dedza ngati athu, bambo ake ankaimba besi mu kwaya. Ali mwana anali ndi chibwibwi. Tsopano anali ndi chipsera pakhosi ndi tcheni cha golide, ndipo mlomo wake wapamwamba unali utauma kale.

"Mudhara," anatero, kutchula amalume mwa Chishona, "tinakutumizirani uthenga. Simunaulandire?"

"Ndinaulandira. Ndinaukwirira kuseri kwa chimbudzi."

Mmodzi wa anzake anaseka. Wachipserayo sanaseke. Anayang'ana mwala, n'kuchotsako maso msanga.

"Vundikira," anauza mnzake. Mnzakeyo anaponya thumba pamwamba pa nkhope. Kenako wachipserayo anawagwira amalume pakhosi la malaya, n'kuwamenya ndi chikwanje chafulati kumsana. Phokoso lake linali ngati thabwa lagwa pa simenti. Anawamenya kachiwiri m'miyendo, amalume n'kugwada. Wachitatu anakoka dzanja lawo lamanzere n'kuliyala pa benchi, pafupi ndi mwala, n'kuliponda ndi bondo pamkono.

Iwo sankadziwa kuti ine ndilipo. Ndinali nditakhala pa bedi, kapu ya tiyi pambali, ndikuona zonse pa kagalasi kochepa ngati chikhatho. Ndinaganiza zoimbira munthu, koma foni yoimbirayo ndi imene ndinkaonerapo, ndipo kudula kunali kuwasiya okha. Moyo wanga wonse ndakhala ndikuyang'ana ndewu ndili chete, ndipo mawu atatuluka anandidabwitsa ine ndemwe.

"Asiyeni. Nkhopeyo ndajambula ndine."

Onse atatu anadzidzimuka. Wogwira dzanja uja anayang'ana pa thumba lovundikira mwala, maso atatuzuka. Wachipsera ndiye anaona foni. Anaitenga pa alumali, nkhope yake n'kudzaza galasi lonse.

"Aa, sisi! Ndiwe? Kadzidzi wa kuseri kwa mgolo? Wanenepa kumeneko." Ankayamba Chichewa n'kutsetserekera ku Chishona, monga amachitira ambiri a msinkhu wathu. "Wandiona eti? Undiyang'ane bwino. Ndikafa udzandijambule wokongola, chipsera udzachichotse."

"Asiye amalume. Tikambirane ine ndi iwe."

"Tikambirane chiyani? Iwe uli kumene uli, ukudya tchizi, ukutumiza munthu wakufa kuti azitiyang'ana ife. Ine ndimadutsa njira ija tsiku ndi tsiku. Mkazi wanga ali ndi pakati. Ukufuna mwana wanga abadwe bwanji?"

Ankaopadi. Ndinaona mmene diso lake linkathawira ku mwala kenako n'kubwerera.

"Ndimutseka maso," ndinatero. "Akhale ngati akupemphera. Sakuyang'ana munthu."

Anaganiza. Kenako anatembenuza foni kuti ndione dzanja la amalume pa benchi, chikwanje chili pamwamba pa zala.

"Jambula pompano. Tione."

Ndinatenga kompyuta yanga yojambulira, n'kutsegula nkhope ya mnyamatayo. Ndinafufuta maso amene ndinawavutikira aja. Ndinajambula zikope zotseka, nsidze, kamthunzi pansi pake. Ku Bindura ndinkamva kupuma kwa amalume ndi nkhuku zikulira panja. Mmodzi wa anyamatawo anayatsa wailesi, n'kuizimanso. Nditamaliza ndinaloza chojambulacho ku kamera.

Wachipsera anayang'ana. Nkhope yake inasintha, osati mmene ndinkayembekezera.

"Ayi," anatero. "Ayi, ayi. Umu ndi mmene..." Sanamalize. Chibwibwi chake chaubwana chinabwerera, nsagwada zikugwedezeka popanda mawu. Ndinali nditamujambulira munthuyo monga anamusiyira pa dothi. Anaponya foni pa benchi. Inagwa chagada, kenako wina anaiimika potsamiritsa pa chitini, mwina kuti ndione.

"Palani nkhope yonse," anatero wachipsera. "Yonse. Tengani makina, mudhara."

"Magetsi kulibe," anatero amalume.

"Ndiye nyundo yaikulu iyo. Muiswe nokha, ndi manja anu, kuti mzimu wake ukafuna wofunsa udzafunse inu."

Anawaikira nyundo pafupi ndi dzanja lamanja. Amalume anaiyang'ana. Magazi ankatuluka pakona ya mlomo wawo.

"Inu munamupha kale," anatero. "Ine ndimuphenso?"

"Amalume, swani!" ndinakuwa. "Mwalawo ndi wanga, nkhopeyo ndi yanga, ndikuti swani!"

Amalume anandiyankha, "Iwe khala chete. Uli ku Mangalande."

Netiweki ya kwathu imachedwetsa chithunzi. Galasi linaima pa dzanja la amalume lili lathunthu, zala zisanu zotuwa ndi fumbi la mwala. Phokoso ndilo linayamba kufika, kuphwanyika ngati munthu waponda nkhono yaikulu, kenako mawu amene sindinawamvepo kwa amalume. Chithunzi chitayendanso, chala chaching'ono ndi chinzake zinali zitapindikira kumbali imene zala sizipindikira, fupa loyera likuonekera. Anali atawamenya ndi msana wa chikwanje. Wachipsera anakwezanso mkono, tsopano atatembenuzira kumbali yakuthwa, pamwamba pa zala zitatu zotsalazo.

Pamenepo ambuya analowa. Anali akuchapa, manja ali thovu mpaka m'zigongono. Sanakuwe. Anakankha mnyamata amene anaima pakhomo, mnyamatayo n'kuwabwezera ndi chigongono pachifuwa, iwo n'kugwera pa mulu wa mchenga. Anadzuka mpango utagwa, imvi zili pamtunda. Anapita pa benchi, n'kutola nyundo ija ndi manja awiri, n'kuchotsa thumba pamwamba pa mwala.

"Mwana wa eni, undikhululukire," anatero kwa nkhopeyo. "Iwe wagona kale. Uyu ndi wanga, ndipo ndatsala ndi mmodzi yekha."

Anamenya pamphumi. Mwala wa ku Mutoko ndi wouma, nyundo inadumpha. Anamenyanso, tizidutswa n'kuuluka, kamodzi kanawacheka patsaya. Anamenya pamphuno, pakamwa, pamakutu otambalala aja, akutukwana ndi mawu amene ankatukwanira oledzera mu komboni.

"Agalu inu! Amako ndinawasambitsa ine atakubala iwe, wachibwibwi iwe! Abambo ako ankaimba m'tchalitchi, iwe ukuimba ndi chikwanje! Onani, yatha! Mwakhuta? Kagoneni tsopano, tione ngati mugone!"

Mwala unang'aluka kuchokera pakona mpaka pakati. Pamene panali nkhope panatsala chibowo chotuwa. Wachipsera anatsitsa chikwanje. Anayang'ana mwala kwa nthawi, tsopano mosaopa.

"Gogo, mwatukwana kwambiri," anatero. "Koma mwachita bwino."

Potuluka anawerama pa foni. "Sisi, usaiwale. Chipsera udzachichotse." Ndipo anapita.

Ambuya anamanga dzanja la amalume ndi mpango wawo. Palibe amene anakumbukira za ine. Ndinakhala ndikuyang'ana denga la malata ndi ngodya ya benchi imene magazi ankadonthera, mpaka batire la foni yawo linatha. Masana omwewo ndinali pa ntchito, ndikumwetsa supu gogo wina wachizungu amene ankandifunsa ngati kwathu kuli mikango.

Kuchipatala anadula chala chaching'ono, chinzakecho anachilumikiza koma chinauma chopindika. Kupolisi ambuya anakana. Anati anyamatawo amagona mizere iwiri ya nyumba kuchokera pakhomo pathu, ndipo ine wolimbikitsa zokanenayo ndidzakhala ndikumvera pa foni. Sindinawatsutse.

Mayi wa mnyamata uja anabwera atamva. Amalume anandiuza kuti anaima m'chisakasamo osakhala pansi, n'kusisita chibowocho ndi chikhatho. Tinati timupangire chiliza china, cha dzina ndi mtanda. Anakana. Anabwereka ngolo n'kutenga mwala wong'alukawo momwemo. Kwa ine anatumiza mawu achidule.

"Mwananga, ndinakupempha maso."

Ndinayamba kuyankha kangapo, n'kumafufuta. Mpaka lero sindinamuyankhe. Akuti mwalawo anauimikadi m'mbali mwa njira. Ine sindinauone.

Bizinesi sinafe. Anthu akufabe ku Bindura, ku Madziwa, ku Shamva, ndipo ziliza zikufunika. Ine tsopano ndimakonza zilembo, maluwa, nkhunda, manja opemphera, zimene zimatheka ndi makina magetsi akakhalapo. Akabwera ofuna nkhope, ambuya amawauza kuti apite ku Harare. Amalume sakonda kumva mawu amenewo, amatuluka n'kukakhala panja.

Dzanja litapola anayamba kuyesa pa zidutswa za miyala. Zala zitatu zimagwira kachitsulo, koma chimene chinkatsamira pa mwala n'kuletsa kunjenjemera chinali chaching'ono chija. Anayesa kumanga kachitsuloko ndi mphira ya tayala. Anayesa kutsamiritsa mkono pa kathumba ka mchenga. Ankachita zimenezi foni itazimitsidwa, ambuya ndi amene ankandiuza.

Tsiku lina anandiimbira okha, masana, ine ndikuvala yunifolomu.

"Mdzukulu, uli ndi nthawi? Taona ichi."

Ananyamula kachidutswa ka mwala wakuda n'kukayandikitsa ku kamera. Panali diso. Chikope chapamwamba chinali bwino, koma madontho a pansi anamwazika, ndipo kadontho koyera kapakati kanagwera pambali.

"Ukuti bwanji?"

Ndinayang'ana nthawi yaitali.

"Lankhula, iwe. Si diso?"

"Ndi diso, amalume."

"La munthu?"

"La nsomba."

Anaseka mpaka kutsokomola, ambuya akufunsa ali kukhitchini kuti chaseketsa n'chiyani. Kenako anatembenuza kamwalako, kuyang'ana okha, ndipo kuseka kunatha.

"Ndiye kuti la nsomba," anatero. Anakaponya pa mulu wa zinyalala, n'kupukuta dzanja pa ovolosi. "Tumiza zilembo za mayi wa ku lokeshoni ya Aerodrome uja. Magetsi abwera, ndiyambe asanazimenso."